Pologalamu ikakhala chete, sindiye kuti imelo yafika yathunthu

Bambo wina wa ku Katete wandilembera kufunsa momwe angaonere zolakwika ndi machenjezo pologalamu yake ya Python (chiyankhulo cholembera mapologalamu) ikamaliza kuwerenga imelo, popeza mafayilo ena obwera ndi imelo akumasowa koma kompyuta siikudandaula konse. Bambo, funso lanu landifika pamtima.

Nyengo ina yogula nshawa ndinathandizapo ofesi ina kuno ku Chipata, imene inkalandira maina a alimi pa imelo kuchokera kumadepoti a ku Lundazi ndi ku Petauke. Tsiku lina kunabwera mayi wachikulire atamanga risiti yake pa mfundo ya chitenje, nafunsa chifukwa chake sanalipidwe. Dzina lake munalibe pa maina a olipidwa. Titatsegula imelo yeniyeniyo tinapeza kuti inaduka isanafike kumapeto, ndipo pologalamu inangotola zimene inapeza n'kupitirira osanena kanthu. Mayiyo anali atalipira kale ndalama ya basi kubwera ndi kubwerera.

Kukhala chete kumeneku n'kwadala. Malamulo a kalembedwe ka imelo ndi akale, kuyambira chikalata cha malamulo chotchedwa RFC 822 cha mu 1982 mpaka RFC 5322 ya mu 2008, koma mapologalamu ambiri otumiza sawatsata bwino, choncho mapologalamu owerenga imelo anapangidwa kuti azipirira zolakwikazo. Kupirirako sindikutsutsa. Chimene ndikukana ndi mtima wonse ndi chizolowezi cha olemba mapologalamu amene amaona kuti palibe chagwa n'kunena kuti ntchito yatha. Ndikananso njira ya ena yoika lamulo lokhwima la Python lotchedwa policy.strict kuti imelo iliyonse yopunduka ikanidwe, pakuti potaya imelo yonse chifukwa cha chilema chochepa mumataya ndi maina amene anafika bwino.

Tsono yankho lanu ndi ili. Python imasunga zilemazo mu mndandanda wotchedwa defects pa uthengawo, koma gawo lililonse la imelo, monga mau ake kapena fayilo yobwera nayo, lili ndi mndandanda wakewake, motero muyende m'magawo onse ndi lamulo la walk() n'kuona lililonse. Imelo ya magawo angapo ikaduka ngati ija imaonetsa chilema chotchedwa CloseBoundaryNotFoundDefect. Zilema za base64, njira yosinthira fayilo kukhala zilembo kuti iyende mu imelo, zimalembedwa pokhapokha mwatsegula zam'katimo, choncho muonenso mndandandawo pambuyo pa get_content(), lamulo lotsegula zam'katimo. Mukagwiritsa ntchito lamulo lopirira la policy.default, mitu ya imelo monga From (wotumiza) ilinso ndi defects yakeyake. Mulembe zonsezi mu log (fayilo yolembamo zimene zachitika) pamodzi ndi Message-ID (chizindikiro cha imelo iliyonse), musunge imelo yoyambirira osaisintha, ndipo munthu wa mu ofesi aziiona tsiku lomwelo malipiro asanayambe.