Andibera ndalama pa intaneti, ndikadandaule kuti?

FUNSO: Akonzi, ndinaona foni ikutsatsidwa pa Facebook, tinayamba kucheza pa WhatsApp ndi mwiniwake, munthu wake waulemu ndithu, anati nditumize kaye theka kuti andisungire. Ndinatumiza. Kenako akuti onjezani ya transipoti, ndinatumizanso, basi kuchoka apo nambala yake sikupezeka ndipo wandibuloka. Amuna anga sindinawauze. Anzanga akuti kupolisi nkungotaya nthawi. Nditani ine? - Mayi wodandaula

YANKHO: Pepani zedi mayi, zimawawa izi. Koma musakhale chete ayi, anthu amenewa amadalira manyazi anu omwewo, amadziwa kuti ambiri akaberedwa amangoti basi zachitika, ndiye mawa nambala yomweyo imakolanso wina.

Lero lomwe, musanapite kwina kulikonse, imbirani banki kapena kampani yomwe munagwiritsa ntchito potumiza ndalamazo. Imbani pa nambala yawo yeniyeni yolembedwa kuseri kwa khadi kapena pitani ku ofesi, osati nambala yoti wakupatsani munthu pa meseji. Auzeni kuti ndabedwa mwachinyengo, apatseni nambala ya transakishoni ija imabwera mu meseji, tsiku, ola ndi nambala yomwe inalandira. Ngati wakubayo sanatape amatha kutseka akauntiyo, koma akuba sagonetsa ndalama, amatapa kapena kuzisamutsira kwina msangamsanga, ndiye kuchedwa kulikonse kukupweteka inu. Amene analipira ndi khadi afunse za chargeback, ndiko kupempha banki kuti ibweze ndalama zomwe zinachoka pa khadi. Ngati akubawo munawauzako PIN kapena pasiwedi sinthani pompano.

Macheza aja musafufute chonde! Ndikudziwa mtima ukamawawa munthu umafuna kungodilita zonse kuti usamazionenso, koma umboni wanu ndi umenewo. Jambulani ma screenshot, chithunzi cha foni ija, dzina la peji, ma voice note, chilichonse.

Mukatero pitani kupolisi mukalembetse sitetimenti ndipo musachoke opanda nambala ya nkhani yanu, chifukwa a banki nthawi zambiri amaifuna, komanso makampani a foni sangaulule kwa inu mwini nambala, amaulula apolisi akafunsa motsata lamulo.

Palinso mabungwe a boma oteteza ogula amene anthu ambiri sawaganizira nkomwe. Ku Malawi ndi Competition and Fair Trading Commission, ku Zambia Competition and Consumer Protection Commission, ku South Africa National Consumer Commission, ku America kuli Federal Trade Commission komanso ofesi ya Attorney General (loya wamkulu wa boma) mu state iliyonse. Awa amagwira bwino makamaka wokupusitsaniyo akakhala bizinesi yodziwika, yotsatsa zabodza kapena yokana kubweza ndalama. Akakhala wakunja kwa dziko lanu pali econsumer.gov, yomwe mabungwe otere a maiko osiyanasiyana anakhazikitsa mu 2001 kuti azigawana madandaulo. Peji ija ilipoteninso kwa a Facebook.

Tsono ndisakunamizeni mayi, kudandaula sikuti ndalama zibwera basi. Nthawi zina zimabwera, nthawi zambiri ayi. Koma anzanu aja sindikugwirizana nawo, chifukwa dandaulo la munthu mmodzi limaoneka laling'ono koma anthu angapo akatchula nambala imodzimodzi ofufuza amapeza poyambira, nambala imatsekedwa, mwina munthu nkugwidwa.

China chomwe chimandikwiyitsa kwambiri, mukhoza kulandira foni ya munthu woti ndine wapolisi kapena loya, tamugwira wakuba uja, tumizani kangachepe tikubwezereni ndalama zanu. Dulani foniyo. Kawirikawiri amakhala omwewo kapena anzawo omwe apatsana nambala yanu, akudziwa kuti mtima uli m'mwamba. Aboma enieni sakuuzani kuti mulipire pa foni kuti akuthandizeni.

Za abambo kunyumba, ine ndingati auzeni ndithu, nambala yanu ili kale m'manja mwa akuba ndipo akhoza kuyeseranso achibale anu. Mwinanso akuperekezani kupolisiko.