Funsani Dokotala: Kodi thupi lingazolowere ululu wa njoka?

Funso: Adokotala, ndimagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Chikwawa, ndipo mphiri timakumana nazo kawirikawiri. Ndinaona pa Facebook mzungu wina amene ankadzibaya ululu wa njoka pang'onopang'ono mpaka thupi linazolowera. Amalume akuti n'chimodzimodzi ndi mphini zimene iwo anatemera. Ndiyesere?

Yankho: Bambo, musayerekeze n'komwe.

Ndikukhulupirira kuti amene munamuonayo ndi Tim Friede wa ku Wisconsin, m'dziko la America. N'zoona kuti njoka zinamuluma maulendo oposa 200, ndipo mu 2025 akatswiri anapeza m'magazi mwake chitetezo chimene akuyesera kupangira mankhwala. Koma pa Facebook sakuuzani kuti mu 2001 njoka ziwiri zitamuluma motsatizana anakomoka masiku anayi, n'kupulumukira m'chipatala chokhala ndi makina opumitsa munthu. Inuyo zitakuchitikirani pakati pa nzimbe, makinawo muwapeza kuti?

Ululu si katemera. Katemera amayezedwa ndi kufooketsedwa, pamene ululu wa njoka imodzi yomweyo umasiyana mphamvu lero ndi mawa. Kachitetezo kamene thupi lingapange kamazirala mukangosiya kubaya, ndiponso ka njoka ina sikathandiza kwenikweni pa ina. Wa songo umafoola minyewa mpaka munthu kulephera kupuma. Wa mphiri umatupitsa ndi kuwoletsa mnofu, moti ena chala kapena mwendo zimadulidwa.

Chimene chimandiopsa koposa ndi ichi: thupi likamalandira ululu mobwerezabwereza limatha kuyamba kudana nawo. Tsiku lina kadontho komweko kamatupitsa kukhosi, magazi n'kutsika, munthu n'kutsirizika m'mphindi zochepa.

Za mphini, amalume musakangane nawo, koma mvetsani chimene chimachitika. Njoka zambiri zilibe ululu woopsa, ndipo ngakhale yaululu nthawi zina imaluma osalavula kanthu. Munthu akapulumuka motero, ulemu umapita kwa mphini. Tsiku limene mphiri yalavuladi, mwini mphini amakhala pakhonde kudikira kuti mankhwala agwire, uku mwendo ukutupa. Osanenanso za lezala logwiritsa ntchito anthu angapo, lomwe limafalitsa HIV, matenda a chiwindi ndi kafumbata.

Ntchito yozolowera ululu tinawasiyira akavalo. Ndiwo amabayidwa pang'onopang'ono, ndipo chitetezo cha m'magazi mwawo chimasefedwa n'kukhala mankhwala amene timapereka kuchipatala, dokotala ali pompo kuyang'anira.

Kumunda valani magambutsi, ndipo usiku yendani ndi tochi, chifukwa mphiri sithawa, imangodikira muiponde. Ikakulumani musateme pabalapo, musayamwe, musamange chingwe chothina. Vulani mphete ndi nsapato kutupa kusanayambe, mwendowo usagwedezeke, ndipo anzanu akunyamuleni kupita kuchipatala nthawi yomweyo. Njokayo isiyeni; ngati n'kotheka, ijambuleni pafoni muli patali.