Usathamangire Bukhari yonse, mphwanga

Assalam alaikum nonse pagulu pano. Mphwanga, funso lako ndaliona m'mawa ndili kumsika, ndiye ndati ndikuyankhe pakamwa madzulo ano. Wati ukufuna kudziwa mbiri ya hadith, zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad, mmene zinasonkhanitsidwira mpaka kukhala mabuku, ndipo ukufunsa ngati uyambe ndi kugula Bukhari yonse, buku lalikulu la hadith limene anasonkhanitsa Imam Bukhari. Ndakondwa kwambiri, koma usathamange. Mavoliyumu 9 aja a Chingerezi adzakupatsa hadith, koma sadzakuuza njira imene zinadzera.

Tenga kaye kabuku ka Imam Nawawi kaja ka hadith 40, kali kunyumba kwa mayi ako. Uwerenge yoyambirira, ya niya ija, yakuti ntchito zonse zimayendera niya. Ukatero ukaone hadith yomweyo kumayambiriro kwa Bukhari, pafoni pomwepo ilipo. Usadumphe mayina ali pamwambawo monga tinkachitira ife ku madrasa. Bukhari akuti anamva kwa Humaydi, Humaydi kwa Sufyan, Sufyan kwa Yahya ibn Sa'id, iyeyo kwa Muhammad ibn Ibrahim, iyeyo kwa Alqama, ndipo Alqama akuti anamumva Umar akunena ali pa mimbari, pagome lolalikira mumzikiti, kuti anamva kwa Mtumiki, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye. Uwawerenge ndi chala, anthu 6. Mndandanda umenewu ndiye isnadi, ndipo mbiri yonse ukuifunayo yagona pamenepo. Aliyense mwa anthu amenewa anafufuzidwa: anabadwa liti, anakumanadi ndi amene akumutchulayo, ankaiwala kapena ayi, anagwidwapo bodza kapena ayi.

Buku loyamba lenileni, ine ndingakusankhire la Muhammad Zubayr Siddiqi, lotchedwa Hadith Literature. Ndi laling'ono, Chingerezi chake sichovuta. Likuyendetsa kuchokera kwa maswahaba, anzake a Mtumiki, amene ankalemba pa timapepala tawo, kudzera kwa Imam Malik wa ku Madina ndi buku lake la Muwatta, mpaka kwa Bukhari amene anamwalira mu 870 ndi Muslim mu 875. Ukamaliza limenelo mayina a osonkhanitsa hadith ena, Abu Dawud, Tirmidhi, Nasa'i ndi Ibn Majah, sadzakusokonezanso.

Kenako, ndipo apa mpamene ndikufuna umvetsetse, uwerenge mawu oyamba a Sahih Muslim, buku la hadith la Muslim uja. Anthu ambiri amawalumpha, chonsecho ndi masamba ochepa chabe. M'menemo muli mawu a Ibn Sirin akuti poyamba anthu sankafunsa za isnadi, koma itabuka fitina, mkangano pakati pa Asilamu, anayamba kunena kuti, titchulireni anthu anu. Ine nditawerenga pamenepo ndinakhala kaye chete. Ndinazindikira kuti akuluakulu aja sankameza chilichonse chongomva. Ankadziwa kuti kuli anthu opeka hadith chifukwa cha ndale, ena chifukwa chofuna kusangalatsa gulu, ndiye anaika sefa. Lero wina amangotumiza uthenga pa WhatsApp kuti Mtumiki anati, osanena n'komwe kuti zachokera m'buku liti. Zimandiwawa zimenezo.

La Muhammad Mustafa al-Azami, Studies in Hadith Methodology and Literature, libwere pambuyo pake. Ndilo lidzakulongosolera kusiyana kwa hadith za sahihi (zotsimikizika), hasani (zabwino) ndi dhaifu (zofooka). Ngati Chiarabu chako chayamba kugwira, kapemphe shehe akuwerengetse Bayquniyya, ndakatulo ya mizere 34 yokha, kenako Nukhbat al-Fikar ya Ibn Hajar. Zimenezi usaziwerenge wekha. Zinalembedwa mwachidule kuti mphunzitsi azizimasula.

Popeza uli ku koleji, udzakumana ndi mayina a Goldziher ndi Schacht, azungu amene ankati hadith zambiri zinapekedwa patapita zaka. Usawaope, komanso usayambire kwa iwo. Buku la Jonathan Brown la mu 2009, loyamba ndi mawu akuti Hadith, lili ndi mutu wofotokoza mkangano wonsewo modekha, mbali zonse. Azami yemweyo anamuyankha Schacht ndi buku lathunthu. Palinso kabuku ka Hammam ibn Munabbih, wophunzira wa swahaba Abu Huraira, ka hadith pafupifupi 138, kamene Muhammad Hamidullah anakasindikiza, ndipo anthu amakatchula kwambiri akamakangana za nthawi imene kulemba kunayamba. Koma zimenezo ndi za chaka chamawa.

La Siddiqi ndili nalo m'kabati muno, chikuto chinang'ambika koma masamba onse alimo. Loweruka ukabwera kudzaona agogo ako udzalitenge. Ubwere ndi kope, tidzakhale pakhonde ikatha swala ya Asr, tidzajambule limodzi isnadi ya hadith ya niya ija, dzina ndi dzina. Upereke moni kwa mayi ako.