Funsani azachipatala: mtima wa mwana sunaoneke pa sikani

Funso: Ndili ndi pakati pa masabata 5. Ndinakajambulitsa kuno ku Johannesburg, koma akuti akuona thumba lokha, mtima ayi, ndipitenso pakatha masabata awiri. Kodi mwana angakhale moyo popanda mtima ndi mitsempha? Mayi wa ku Rosettenville

Yankho: Mtima pansi, mayi. Kusikelo amawerenga kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza, choncho pa masabata 5 anuwo mluza uli ndi masabata atatu okha, ndipo ndi wochepa ngati kanjere ka chitowe. Kanthu kotere sikafuna mtima. Chakudya ndi okosijeni zimangolowerera kuchokera m'khoma la chiberekero, monga madzi alowerera m'dothi. Koma kakamakula njira imeneyi simakwaniranso, ndiye mitsempha imayambika.

Chodabwitsa n'chakuti timitsempha toyamba sitiyambira m'thupi la mluza. Cha pa tsiku la 18 kuchokera pomwe mluza unapangika, pakhoma la kathumba kotchedwa yolk sac, kamene kali m'kati mwa thumba lomwe anaonalo, maselo amaunjikana timagulu. Akunja amaphwatalala n'kukhala khoma la kamtsempha, a m'kati n'kusanduka maselo oyamba a magazi. Kenako timaguluto timalumikizana ngati ngalande za kudimba. Madokotala amati vasculogenesis. Zikatero mitsempha yatsopano imaphuka kuchokera pa yakaleyo. Maselo operewedwa okosijeni amatulutsa puloteni wotchedwa VEGF, ndipo kamtsempha kamatulutsa mphukira kulondola komwe akuchokera.

Mtima nawo umayamba ngati timachubu tiwiri tomwe timaphatikizana, n'kuyamba kugunda cha pa tsiku la 22. Pa kawerengedwe ka kusikelo apo n'kuyambika kwa sabata lachisanu ndi chimodzi, ndipo sikani ya pamimba imachedwerako kuuona poyerekeza ndi yodzera kunjira ya abambo. N'chifukwa chake anati mubwererenso. Musaphonye tsikulo.

Masabata amenewa ndi osalimba. Shuga wokwera, mowa ndi mankhwala ena zimasokoneza kapangidwe ka mtima ndi mitsempha. Thalidomide, amene amayi ena ankamwa pothana ndi nseru mpaka mu 1961, amalepheretsa mitsempha yanthete kukula, ndipo ana ambiri anabadwa ndi manja ndi miyendo yopunduka. Choncho musamwe mankhwala ongogula, ngakhale zitsamba zomwe achibale amatumiza pa basi kuchokera kumudzi, musanafunse. Folic acid amene akupatsani kusikelo imwani tsiku ndi tsiku.

Kumbali yanu, nsengwa imayenera kufutukula mitsempha ya chiberekero kuti magazi azifika ambiri. Zikakanika, BP imatha kukwera pakadutsa masabata 20, n'chifukwa chake amaiyeza ulendo uliwonse.

Mukaona magazi, kapena m'mimba mukupweteka kwambiri mbali imodzi, musadikire masabata awiriwo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.