Mawaya a mapulagi: asiyeni ngati sanathe

Achimwene, mwafunsa ngati mawaya onenepa a 8mm kapena 10mm omwe mwaona pa intaneti angawonjezere mphamvu pa Corolla yanu ya injini ya 5A-FE. Sangawonjezere ayi. Ntchito ya waya ndi kungonyamula moto kuchokera ku distribiyuta kukafika pa pulagi, ndipo mawaya omwe anabwera ndi galimotoyo amakwanitsa bwinobwino.

Muyambe mwawayeza kaye. Tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, muyeze waya aliyense payekha. Toyota imanena kuti asapitirire 25 kilo-ohm. Akapitirira, watha ameneyo. Njira ina ndi yausiku: lizani injini pamdima, tsegulani boneti, muone ngati moto ukuthetheka m'mbali mwa waya. Rabala yong'aluka imachititsa injini kumisa, makamaka nthawi ya mvula.

Akakhala kuti atha, gulani a NGK kapena Denso ogwirizana ndi injini yanuyo. Koma samalani, abodza achuluka pa intaneti, ndipo bokosi lokongola silinena kanthu. Ine ndinagulapo ofiira otchipa, wailesi inayamba kulira phokoso injini ikangolira. Posintha, chotsani mmodzimmodzi kuti musasokoneze dongosolo la 1-3-4-2 lomwe moto umatsata pofika ku mapulagi.