Za Bernie ku Michigan: sanabere achimwene, ndipo kreti ija musagule kaye

Lachitatu mmawa, pa 9 March 2016, ndikutsegula imelo ndapeza uthenga wa achimwene ena aku Zomba omwe amawerenga tsamba lino kuyambira kale. Ndiufupikitsa chifukwa unali wautali ndithu. Akuti anabetcherana kreti ya zakumwa ndi mnzawo wakuntchito kuti Hillary Clinton ndi amene adzaimire chipani cha Democrat pa chisankho cha pulezidenti waku America cha November 2016, nde mnzawoyo wafika muofesi akuvina kuti Bernie Sanders wawina mapulaimale a chipanicho ku Michigan, kreti ibwere. Mafunso awo ndi atatu, zatheka bwanji pomwe ma kafukufuku onse amati Hillary awina moonetsa, kodi kumenekonso amabera ngati kwathu kuno, ndipo kodi Hillary basi wathera pomwepa.

Achimwene, khazikani mtima pansi kaye. Inenso zinandidabwitsa, sindinama. Ine ndimakhala ku South Bend, Indiana, ndipo Michigan ndi pakhomo penipeni, ukayendetsa galimoto mphindi zochepa chabe wawoloka kale malire, anzanga ambiri akuntchito amachokera mbali imeneyo. Lachiwiri lija pa 8 March ndinali pa shifiti ya usiku, mu chipinda chopumira muli ka TV kokhomedwa pakhoma, kamakhala kopanda mawu, timangowerenga manambala akuyenda pansipa. Itangodutsa 9 koloko ndalowa kukatenthetsa nsima yanga mu microwave ndikuona Bernie ali patsogolo, ndinati aaa mavoti aku Detroit sanalowe amenewo, akalowa aona. Ndabweranso cha mma 11, mkulu uja adakali patsogolo. Mayi wina yemwe timagwira naye ntchito, wachizungu, bambo ake anagwira mu fakitale ya magalimoto mpaka kupuma, anangoima ndi kapu ya khofi mmanja nkunena kuti anthu a pa TV amenewa sanabwere kudzatifunsa ife. Mawu amenewo ndiwabwereranso pansipa.

Manambala ake ndi awa. Bernie wapeza pafupifupi 49.7 peresenti, Hillary 48.3, kusiyana kwa mavoti pafupifupi 17,000 pa anthu oposa miliyoni imodzi omwe anavota. Kuwina kwake nkochepa, chodabwitsa ndi chakuti ma kafukufuku ukawaphatikiza amati Hillary ali patsogolo ndi ma pointi oposa 20. Tsamba lolosera zisankho la FiveThirtyEight la Nate Silver, lomwe anthu kuno ankalikhulupirira ngati ulosi chifukwa mu 2012 linalondola ma state onse, linapatsa Hillary mwayi woposa 99 peresenti. Eni akewo avomera okha kuti kuphonya kotere pa mapulaimale kunaonekako mu 1984 pomwe Gary Hart anagwetsa Walter Mondale ku New Hampshire. Nde musadzione opusa, omwe amalipidwa kuti adziwe zimenezi nawonso agwa chagada.

Za kubera ndiyankhe mwachangu chifukwa palibe nkhani. Wabera ndani? Akuluakulu a chipani pafupifupi onse anali kwa Hillary, ma senator, ma governor, ma meya, ndipo boma la Michigan lomwe limayendetsa chisankho mu 2016 linali mmanja mwa ma Republican. Bernie ngakhale mu chipanimo ndi mlendo, zaka zonsezi wakhala akuima payekha ngati independent waku Vermont. A Hillary eni ake sanadandaule kuti aberedwa. Chalakwika ndi kafukufuku, kawerengedwe ka mavoti kanali bwinobwino.

Pomwe pali nyama ndi apa, kafukufukuyo anaphonya bwanji. Anthu ambiri amaganiza kuti wopanga kafukufuku amangoimbira anthu 800 nkuwerenga mayankho basi. Amachita zoposa pamenepo, amayenera kuyerekeza kaye kuti tsiku lovota adzatuluke ndi ndani, achikulire angati, achinyamata angati, akuda angati, amtauni angati, ndipo kuti ayerekeze amayang'ana chisankho chapitacho. Tsono ku Michigan chisankho chapitacho chinali chosokonekera. Mu 2008 Michigan inathamangira kupanga mapulaimale ake mu January mophwanya malamulo a chipani, chipani chinawalanga, Obama anachotsa dzina lake pa pepala lovotera, moti Hillary anapikisana ndi bokosi lolembedwa Uncommitted, kutanthauza kuti sindinasankhe aliyense. Mu 2012 Obama analibe wopikisana naye. Nde anthu akafukufuku amayeza nsalu ndi tepi yoduka, samadziwa kuti mapulaimale enieni a Democrat ku Michigan amatulutsa anthu otani.

Kenako nkhani ya mafoni. Ena mwa ma kafukufuku otchipa amagwiritsa makina oimba okha, ndipo lamulo la kuno silimalola makina otere kuimbira foni zammanja, amangoimbira za mnyumba zija timati za graundi. Tandiuzeni, mwana wa zaka 22 waku University of Michigan ku Ann Arbor kapena Michigan State ku East Lansing ali ndi foni ya graundi? Amayankha ndi agogo. Ndipo ana amenewo ndi omwe anatuluka mwaunyinji, mwa achinyamata osakwana zaka 30 pafupifupi 8 mwa 10 anavotera Bernie, nkhalamba ya zaka 74 ya tsitsi losapesa, zoseketsa koma ndi momwe zilili.

China chomwe kwathu sitinachizolowere, ku Michigan mapulaimale ndi otsegula. Sufunika khadi la chipani, ukafika umangonena kuti ndipatseni pepala la Democrat kapena la Republican. Anthu opanda chipani anabwera ambiri ndipo pafupifupi 7 mwa 10 anapita kwa Bernie. Mbali inayi ma Democrat ena poona kuti Hillary wawina kale pa TV anakatenga pepala la Republican kuti akamutchinge Trump, ena sanadzivute nkomwe kupita. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ma pointi 20 aja anali apachala.

Koma ine sindikufuna tizingonamizira mafoni ndi masamu ngati kuti anthu anavota mwangozi, apa nde ndibwerere kwa mayi wa khofi uja. Mukuyenera kuona Michigan ndi maso kuti mumvetse. Detroit mu 1950 munali anthu pafupifupi 1.8 miliyoni, lero sakukwana 700,000, ndipo mu 2013 mzindawo unalengeza kuti walephera kubweza ngongole. Umayenda msewu wathunthu nyumba zanjerwa zabwinobwino mawindo atakhomedwa matabwa, udzu utamera pakhonde. Ku Flint, komwe General Motors inabadwira mu 1908, akuluakulu anasintha madzi mu April 2014 nkuyamba kutunga mu mtsinje wa Flint kuti apulumutse ndalama, madziwo anadya mapaipi, ana anamwa mtovu, pofika mu 2016 anthu ankadalirabe madzi a mmabotolo. Ku America kumeneko achimwene, osati kwa Chinsapo. Ngakhale kuno ku South Bend fakitale ya magalimoto a Studebaker inatsekedwa mu 1963 koma akuluakulu amaikambabe ngati maliro a dzulo.

Munthu wotereyu ukamuuza mawu oti NAFTA amalavula. Umenewu unali mgwirizano wa malonda wa America, Canada ndi Mexico womwe unayamba kugwira ntchito mu 1994 pansi pa Bill Clinton, ndipo anthu akuno amakhulupirira kuti ndi umene unasamutsira ntchito zawo ku Mexico. Akatswiri a zachuma amatsutsana kuti unaononga zochuluka bwanji, ena amati makina ndi China ndi zomwe zinadya ntchito zambiri, koma wovota sawerenga zimenezo, iye amangodziwa kuti geti lomwe ankalowa bambo ake lili ndi loko. Bernie anavota kukana NAFTA, anakananso za malonda ndi China mu 2000, anakananso TPP, mgwirizano wina wa malonda ndi mayiko a mbali ya nyanja ya Pacific womwe Obama ankaukankha mu 2016, ndipo sabata yonse ku Michigan amangoimba nyimbo imodzi yomweyo osatopa. Hillary TPP ankaikana mu 2016 koma ali nduna ya zakunja ankaiyamikira, anthu amakumbukira. Oposa theka la omwe anafunsidwa potuluka movotera anati malonda ndi mayiko akunja amalanda ntchito, ndipo ambiri a iwo anapita kwa Bernie.

Pa dibeti yaku Flint Lamulungu pa 6 March Hillary anaponya chibakera chomwe ambiri tinaganiza kuti chamaliza nkhani, anati Bernie anavota kukana ndalama zomwe zinapulumutsa makampani a magalimoto. Ku Michigan kunena zimenezo kuli ngati kuuza mlimi kuti uyu ndi amene anakaniza makuponi a feteleza. Koma nkhaniyo inali yopindika. Mu December 2008 Bernie anavomera bilu yothandiza makampani a magalimoto payokha, inakanika mu Senate, chomwe anakana mu January 2009 ndi gawo lachiwiri la thumba lopulumutsira mabanki aku Wall Street, momwe munatuluka zina mwa ndalama za General Motors ndi Chrysler. Mmene ndikuonera ine chibakeracho chinabwerera mwini, anthu a mu union amatsata zinthu zimenezi kuposa atolankhani ndipo sakonda kupusitsidwa pa nkhani yawo yomwe.

Onjezerani kuti anthu akuda aku Michigan sanavote ngati akummwera. Hillary anawinabe pakati pawo, koma Bernie anatolako pafupifupi 3 mwa 10, pomwe ku South Carolina ndi Mississippi amangopeza mmodzi kapena awiri. Ndipo ku Dearborn, komwe kuli Aluya ndi Asilamu ambiri, anavotera Bernie yemwe ndi Myuda wobadwira ku Brooklyn, omwe amakonda kunena kuti anthu amangovotera wakwawo akafotokoze imeneyo.

Tsopano za kreti yanu. Kwathu mtsogoleri wa chipani amasankhidwa pa konvenshoni tsiku limodzi, nthumwi zasonkhana mu holo, mmene Chakwera anatengera MCP mu 2013, mapulaimale timawadziwa a ma MP ndi makhansala. Kuno nthumwizo zimasonkhanitsidwa pang'onopang'ono state ndi state kuyambira February mpaka June, nkukakumana pa konvenshoni, ya 2016 ndi ya ku Philadelphia mu July. Ndipo a Democrat amagawa nthumwi molingana ndi mavoti omwe wapeza, wowina satenga zonse. Michigan inali ndi nthumwi 130, Bernie watenga 67, Hillary 63. Phokoso lonseli phindu lake ndi nthumwi 4.

Usiku womwewo kunalinso chisankho ku Mississippi chomwe mnzanu wovinayo sanakuuzeni. Hillary anapeza mavoti oposa 80 peresenti, nthumwi 31 kwa 5. Phatikizani nokha, Hillary 94, Bernie 72. Tsiku lomwe manyuzi onse alemba kuti Hillary wagwa ndi tsiku lomwe mpata wake wakula ndi 22. Zili ngati timu yawina derby ndi chigoli chimodzi masapota nkugona ku bala, koma pa tebulo la ligi ili mmbuyo ndi ma pointi ambirimbiri. Pomwe ndikulemba mu March 2016 muno, Hillary akutsogola ndi nthumwi zovoteredwa zoposa 200, osawerengera ma superdelegate, akuluakulu a chipani oposa 700 omwe amasankha mwakufuna kwawo, ndipo oposa 400 ananena kale kuti ali kwa iye. Nthumwi zofunika kuti munthu aimire chipani mu 2016 ndi 2,383. Kuti Bernie atseke mpata umenewo sakufunika kuwina kwa 1 peresenti, akufunika kumawina ndi ma pointi 10 kapena kuposa mma state akuluakulu ngati New York, Pennsylvania ndi California, zomwe ine sindikuziona. Ndalama ali nazo, anthu wamba akumusonkhera ma 27 dollars omwe amawatchula pa msonkhano uliwonse, nde sasiya msanga, mkuluyu umeya wa Burlington mu 1981 anauwina ndi mavoti 10 okha, kuuma mutu ndi kwachibadwa. Koma kusasiya ndi kuwina ndi zinthu ziwiri.

Chomwe chikanandisowetsa tulo ndikanakhala mu kampeni ya Hillary si Bernie ayi. Usiku womwewo Donald Trump anawinanso Michigan kumbali ya Republican, ndipo mukamvetsera bwino naye akutukwana NAFTA yomweyo, Mexico yomweyo, China yomweyo, kungoti iye amathira tsabola wa kusankhana mitundu. Pofika March 2016 Michigan inali isanavotereko Republican pa upulezidenti chichokereni 1988 nde a Democrat ankaiwerengera ngati mbuzi ya mkhola. Ndinamufunsa mayi uja kuti nanga Bernie akadzaluza mudzavotera Hillary mu November? Anangokweza mapewa, nkutaya khofi wotsala mu sinki nkubwerera ku ntchito. Ine sindivota kuno, mapepala anga sanafike pamenepo, koma kukweza mapewa kumeneko ndakuona kwa anthu angapo sabata ino.

Nde mnzanuyo muuzeni kuti kubetcha kunali kwa yemwe adzaimire chipani osati wowina Michigan, adikire July. Akafuna umboni msanga, Lachiwiri pa 15 March 2016 kuli mapulaimale ku Florida, Ohio, Illinois, North Carolina ndi Missouri. Florida ndi North Carolina ndikuona Hillary akutenga, yoti muyang'anitsitse ndi Ohio chifukwa mafakitale ake ndi mabala ake nzofanana ndi Michigan, Bernie akakawinanso kumeneko mundilembere, tikambirane zosonkherana kreti. Kumbukirani kuti kuno tikusintha mawotchi Lamulungu pa 13 March 2016, kusiyana ndi kumudzi kukhala maola 6 osati 7, ku Ohio amatseka 7:30 madzulo nde kwanuko ikhala 1:30 usiku, tchajiranitu foni masana.