Chigoli cha Brett Hull cha 1999, phazi linali mu crease

Ayi achimwene, anzanu amene mukuti mukufuna kukatsutsana nawo aja asakunamizeni. Chigoli cha Brett Hull chija, chimene chinapatsa Dallas Stars chikho cha Stanley Cup mu ligi ya hockey ya pa ayezi ya NHL mu 1999, atagonjetsa Buffalo Sabres, sichinayenere kuwerengedwa, tikatengera mmene oyimbira ankagwiritsira ntchito lamulo chaka chonsecho. Amene akukuuzani kuti masapota a Buffalo Sabres amangolira zopanda pake, mufunseni kaye ngati akudziwa zimene lamulo la crease linkanena nthawi imeneyo. Ambiri anangoona kakanema ka masekondi ochepa, basi ayamba kutiphunzitsa.

Crease ndi kamalo kopaka utoto wabuluu kutsogolo kwa golo, kwawo kwa goloboyi. Lamulo la NHL linali lakuti wosewera wa timu yomwe ikufuna kugoletsa asaponde mmenemo puck, kachimbale kamene amamenya ndi ndodo m'malo mwa mpira, isanalowemo. Akaponda, ngakhale kansonga ka nsapato chabe, ngakhale asanamukhudze goloboyi n'komwe, chigoli chimakanidwa. Ndipo sankangoyang'ana ndi maso. Woyimbira ankaimitsa masewero, n'kutenga foni, anthu a kanema kumwamba kuja n'kubweza chithunzi pang'onopang'ono mpaka ataliona phazilo. Zigoli zambirimbiri zinafufutidwa motero mu sizoni ya 1998-99, zina wopondayo ali mbali ina ya golo kumene puck sinadutseko. Lamulolo linali lopusa, aliyense ankadziwa, koma linkaluma timu iliyonse mofanana. Mpaka usiku wa pa 19 June.

Gemu yachisanu ndi chimodzi, ku Marine Midland Arena mumzinda wa Buffalo. Dallas ikutsogola 3-2 pa magemu, kutanthauza kuti ikapambana chikho chapita, Buffalo ikapambana onse abwerera ku Dallas kukamaliza gemu yachisanu ndi chiwiri. Jere Lehtinen anagoletsera Dallas m'chigawo choyamba, Stu Barnes n'kubweza m'chigawo chachiwiri, 1-1. Kuchokera pamenepo zigoli zinauma. Chigawo chachitatu, zii. Nthawi yoonjezera yoyamba, mphindi 20 zathunthu, zii. Yachiwiri chimodzimodzi, kupatula pamene James Patrick wa Buffalo anawomba puck n'kumenya chitsulo chapamwamba, goloboyi wa Dallas Ed Belfour atadutsidwa kale. Chala chimodzi m'munsi, bwenzi lero tikukamba zina. Paja mu mapulayofu a hockey mulibe mapenate, amene wayamba kugoletsa watha nazo, ndiye anthu ankangosewera miyendo ikunjenjemera. Belfour anatchinga ma shoti 53 usiku umenewo, goloboyi wa Buffalo Dominik Hasek 48.

Kenako mphindi 14 ndi masekondi 51 za nthawi yoonjezera yachitatu, cha m'ma 1:30 usiku, tsiku litasintha kale kukhala 20 June. Onetsetsani ndondomeko yake, chifukwa mkangano wonse uli pamenepa. Lehtinen akuwomba kuchokera kumanzere, Hull akuikhudza ndi ndodo. Hasek akutchinga, wagwa chafufumimba, puck yabwerera kutsogolo kwake. Hull ali pomwepo pakhomo pa golo. Puck yatuluka mu crease, ili pafupi ndi phazi lake lamanzere. Akuikankha ndi nsapato kuti ifike pa ndodo yake, ndipo pokankhapo phazi lomwelo lalowa mu buluu muja, puck ikadali kunja. Akuwomba, yalowa. Phazi mkati, puck kunja, kenako chigoli. Ndi chithunzi chomwechomwecho chimene chinakanitsa zigoli za anthu ena kuyambira October.

Ndiye chinachitika n'chiyani? Palibe woyimbira anapita pa foni anthu akuona. Palibe anaimika dzanja kuti dikirani kaye. Osewera a Dallas anakhamukira pa ayezi, ndodo ndi magolovesi kutaya uku ndi uku, zitseko kutsegulidwa, ojambula kulowa, kapeti kuyalidwa, mkulu wa ligi Gary Bettman n'kupereka chikho kwa kaputeni Derian Hatcher. Osewera a Buffalo anapereka moni wa m'manja mwaulemu, n'kukaona kanemayo bwinobwino ali kale kuchipinda chovulira. Pamenepo mungachitenso chiyani, madzi akatayika saoleka. Ndani akanalimba mtima kuchotsa anthu onsewo pa ayezi, kulanda chikho m'manja mwa Hatcher, n'kunena kuti bwererani, valaninso zipewa? Chimene chimandiwawa ine n'chimenechi. Gemu ya pakati pa sabata mu November ankatha kuimitsa mphindi zingapo chifukwa cha kansonga ka nsapato, koma chigoli chotseka fainolo yonse osapatsidwa ngakhale mphindi imodzi yoti bwalo lione kuti chikuunikidwa.

Pambuyo pake Bryan Lewis, mkulu wa oyimbira mu NHL, anatulukira ndi kufotokoza kwake. Anati chigolicho chinaunikidwa kumwamba anthu akusangalala, ndipo chinali chabwinobwino chifukwa Hull anali mwini puck nthawi yonseyo. Maganizo ake anali akuti puck ikagunda goloboyi kapena chitsulo n'kubwerera, sikuti yasintha mwini, ndipo wosewera amene ali mwini puck akhoza kuponda mu crease ngakhale iyo itatulukamo. Anatchula kalata imene ligi inatumiza ku matimu mu March chaka chomwecho yofotokoza zimenezi. Chabwino, kalatayo inalipodi, sindikana. Koma masapota sankaidziwa, ndipo funso limene a ligi sanaliyankhe mokhutiritsa ndi ili: kukhala womaliza kukhudza puck ndi chimodzimodzi ndi kuilamulira? Munthu amene akupalasa ndi phazi puck yodumphadumpha yochokera kwa goloboyi, akuilamulira kapena akuifunafuna? Kwa ine akuifunafuna. Kuilamulira kumayamba ikakhala pa ndodo, ndipo pamene inkafika pa ndodo phazi linali litalowa kale. Mawu amodzi okhawo ndi amene anagamula chikho.

Ndipo taonani izi. Patangopita masiku owerengeka fainolo itatha, akuluakulu a ligi anachotsa zounika crease pa kanema, n'kubwezera nkhaniyo m'manja mwa woyimbira wa pa ayezi. Ngati zonse zinayenda bwino usiku uja, liwiro lake linali lachiyani? Lindy Ruff, kochi wa Buffalo, polankhula kwa masapota amene anasonkhana mumzindamo anatsiriza ndi mawu awiri, "No goal", ndipo mpaka lero ku Buffalo mukangotchula mawu amenewo aliyense amadziwa gemu yake. Chaka chotsatira mu mapulayofu, shoti ya John LeClair wa Philadelphia inaboola ukonde cha m'mbali n'kulowa, Hasek yemweyo ali pagolo, chigoli n'kuwerengedwa. Ndiye mukamva anthu a mzinda umenewu akukayikira oyimbira, si misala ayi. Timu yawo yafika fainolo kawiri kokha, 1975 ndi 1999, chikho sanachigwirepo.

Tsono popeza mukuti mukufuna kukatsutsana ndi anzanu aja, mverani. Musakayambe ndi zoti Buffalo inaberedwa chikho, akakugwetsani msanga. Chigolicho chikanakanidwa, zigoli zikanakhalabe 1-1, masewero n'kupitirira. Buffalo ikanafunika kugoletsa usiku womwewo, kenako n'kukapambananso ku Reunion Arena, kwawo kwa Dallas. Chimene chinabedwa ndi mwayi, osati chikho. Ndipo kunena zoona Dallas inali timu yabwino kuposa. Inamaliza sizoni ndi mapointi 114, pamwamba pa ligi yonse, pamene Buffalo inalowa mu mapulayofu ili nambala 7 kum'mawa ndi mapointi 91. Kochi wa Dallas Ken Hitchcock anawaphunzitsa kutseka pakati pa bwalo moti ukadutsa m'modzi umapeza wina akukudikira, Hatcher, Craig Ludwig, Guy Carbonneau, anthu ogwa patsogolo pa shoti mosaopa mano. Mu gemu yachitatu Buffalo, ili pakwawo, inangowomba ma shoti 12 gemu yonse, Joe Nieuwendyk n'kugoletsa ziwiri, 2-1. Gemu yachisanu Belfour sanalowetse kanthu, 2-0. Mukaphatikiza magemu onse asanu ndi imodzi, Buffalo zigoli 9, Dallas 13. Simungatenge chikho ndi zigoli 9, ngakhale pagolo muli ndi Hasek, munthu amene anali atatenga Hart Trophy, mphoto ya wosewera wofunika kwambiri mu ligi, zaka ziwiri zotsatizana komanso golide wa Olimpiki ku Nagano. Iyeyo ndiye anawanyamula kudutsa Ottawa, Boston ndi Toronto. Kutsogolo kunalibe mano okwanira.

Komanso Hull musamutukwane. Iye anachita zimene wosewera aliyense angachite, ndipo ankasewera bondo litavulala, moti gemu yachinayi sanasewere. Mike Modano naye ankasewera ndi dzanja lothyoka pamfundo. Anthu amenewo chikho anachivutikira. Mlandu uli kwa amene analemba lamulo loipa, n'kuliumirira miyezi yonse, kenako n'kulifewetsa ndi kalata imene anthu wamba sanaione. Zinazo ndi zoseketsa chabe: Hasek anadzatenga chikho chake choyamba mu 2002 ndi Detroit, Hull yemweyo ali mnzake m'timu, ndipo Ruff anadzakhala kochi wa Dallas mu 2013.

Kanemayo mukamaonera, pezani yojambulidwa kuchokera pamwamba pa golo, osati ya m'mbali, chifukwa ya m'mbali thupi la Hasek limatchinga mzere. Muimitse katatu: pamene puck ikuchoka kwa Hasek, pamene Hull akuikankha ndi phazi, ndi pamene ikukhudza ndodo. Paliponse muziyang'ana zinthu ziwiri zokha, phazi lamanzere ndi puck, chili mkati n'chiti, chili kunja n'chiti. Musaweruze ndi malamulo a lero, chifukwa lero kuponda mu crease pakokha si mlandu ngati goloboyi sunamusokoneze, ndipo ndi lamulo la lero chigolicho n'choyera, palibe angatsutse. Mukatero muwauze anzanuwo kuti Dallas inayenera chikhocho, muwagwire chanza. Koma akakufunsani ngati chinali chigoli, musavomere.